DOTOLO AMENE ANALONDOLA NTHENDA NDI MAPU

Nkhani iyi ndi yanu inu a ku migodi ndi a m'matauni, makamaka inu amene kwanu ndi ku cigwa ca Luangwa, m'boma la Mambwe, kwa mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro. Ambiri a inu muli pa nchito kutali, koma ana anu, kapena ana a alongo anu, ali kumudzi pamodzi ndi agogo ao. Nkhani ya lero ikhudza ana amenewo, ngakhale kuti iyambira kutali ku Uganda. Ndiyo mbiri ya dotolo wa opaleshoni, dzina lace Denis Burkitt, amene anali kuphunzitsa pa sukulu ya madotolo ya Makerere, ndipo anadziwitsa dziko lonse za khansa yotupitsa nsagwada za ana. Munthu ameneyu analibe makina a mtengo wapatali. Zida zace zinali makalata, galimoto yakale, mapu, ndi funso limodzi limene sanatope nalo, lakuti mwana wodwalayo acokera kuti. Yankho la funsolo linaloza ku malo otsika ndi otentha monga cigwa ca Luangwa.

Mnyamata wa diso limodzi

Denis Burkitt anabadwa pa 28 February, 1911, ku Enniskillen m'dziko la Ireland. Atate wace, James Burkitt, anali woyang'anira miseu ya boma, koma pa nthawi yopuma anali kuphunzira makhalidwe a mbalame. Iwo anali kumanga timikombero pa miyendo ya mbalame zazing'ono kuti azizindikire imodzi imodzi, ndipo anali kulemba pa mapu malire a dera la mbalame iri yonse. Mwanayo anakula alikuona atate wace akucita zimenezi.

Ali ndi zaka 11, Denis anagendedwa mwala pamene anyamata anali kumenyana, ndipo diso lace lamanja linaonongeka kufikira madotolo analicotsa. M'caka ca 1929 analowa pa Trinity College ku Dublin kuti aphunzire za uinjiniya monga atate wace, koma pokhala Mkristu wolimba anaona kuti aitanidwa ku nchito yociritsa anthu, nasintha maphunziro. Anatsiriza za udotolo mu 1935, ndipo mu 1938 anapambana mayeso a madotolo a opaleshoni ku Edinburgh. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anali dotolo wa asilikari, nafika ku Kenya ndi ku Somaliland. Afrika anamkomera, kotero kuti mu 1946 anabwerera kudzagwira nchito m'zipatala za boma ku Uganda.

Anayambira ku Lira, m'dziko la Alango. Kumeneko anaona amuna ambiri odwala nthenda yotupitsa ziwalo zobisika, ndipo pofunsa kwao kwa munthu ali yense anapeza kuti oculuka anali ocokera mbali ya kum'mawa kwa bomalo, pamene a kumadzulo anali owerengeka. Apa ndi pamene anaphunzira kuti nthenda nazo ziri ndi kwao. Mu 1948 anamtumiza ku cipatala cacikulu ca Mulago, mu mzinda wa Kampala, kumene anali kucita maopaleshoni ndi kuphunzitsa anyamata a ku Makerere.

Ana awiri otupa nsagwada

M'caka ca 1957 dotolo mnzace, Hugh Trowell, anamuitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5 amene anatupa nsagwada zonse, zam'mwamba ndi zam'munsi, kumanja ndi kumanzere komwe. Mano anali kugwedera, nkhope inali itapotoka. Khansa imayamba malo amodzi, ndipo kutupa malo anai pa nthawi imodzi kunali kosamveka. Burkitt anamjambula mwanayo, nalemba zimene anaona, koma analibe comthandiza naco.

Patapita masabata owerengeka, ali pa ulendo woyendera cipatala ca ku Jinja, anaona mwana wina wotupa cimodzimodzi. Pomuyesa anapeza kuti analinso ndi zotupa m'mimba. Dotolo wina akadati nzodabwitsa, napitirira ndi nchito zace. Burkitt anabwerera ku Mulago, natsegula mabuku akale a odwala, nawerenga za ana onse amene anafa ndi zotupa. Anapeza kuti ana otupa nsagwada kawirikawiri anali ndi zotupa mu impso, m'ciwindi, kuseri kwa diso, ndi m'ziwalo zoberekera za ana akazi. Madotolo anali kupatsa cotupa ciri conse dzina lacelace monga mwa ciwalo cimene cinagwidwa. Burkitt anati zonsezi ndi nthenda imodzi yooneka malo ambiri.

Mu 1958 anasindikiza zimene anapeza pa ana 38 m'magazini ya madotolo a opaleshoni ya ku Britain. Anthu owerengeka okha anasamala. Koma anzace awiri a ku Makerere oyesa minofu ndi makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso, Gregory O'Conor ndi Jack Davies, anaonetsa kuti nthendayi ndi khansa ya maselo oyera a m'magazi, amene amakhalanso m'anabere, ndipo nchito yao ndi kuchinjiriza thupi ku matenda. Maselo ndiwo tizigawo tating'onoting'ono timene timamanga thupi monga njerwa zimanga nyumba. Khansa ndiko kuswana kwa maselo kopanda malire. Anapezanso kuti pa ana onse a ku Uganda odwala khansa, pafupifupi theka anali ndi nthenda yomweyi. Sinali yacilendo ai: dotolo wa mishoni, Albert Cook, anali atalemba za ana otere m'mabuku a cipatala ca Mengo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Inali pakati pa anthu nthawi yonseyo, koma panalibe amene anaiika pamodzi.

Makalata ndi mapu

Madotolo odzaceza ku Kampala ocokera ku South Africa anali kunena kuti kwao nthendayi saiona. Mau amenewa anampatsa Burkitt maganizo. Ngati nthenda iri kuno koma kwina kulibe, ndiye kuti pena pace pali malire, ndipo wopeza malirewo adzayandikira cimene ciibweretsa.

Ndi mapaundi owerengeka amene anapatsidwa, anasindikiza timapepala toposa 1,000 tokhala ndi zithunzi za ana odwala, natitumiza ku zipatala za boma ndi za mishoni m'Afrika monse, kufunsa ngati anaonapo ana otere. Mayankho anali kufika pang'onopang'ono, ndipo pa yankho liri lonse iye anali kubaya kaphini pa mapu amene anapacika pa khoma. Potsiriza timaphinito tinaonetsa lamba wopingasa pakati pa Afrika, kucokera ku maiko a kumadzulo kufikira ku nyanja ya mcere ya kum'mawa, ndi mcira wotsika kum'mwera kutsata gombe la Mozambique.

Koma kalata siyankha zonse. Dotolo wa pa cipatala ca pa mtunda angathe kulemba kuti anaona ana asanu, osanena kuti onsewo anacokera ku cigwa, mtunda wa masiku atatu. Kunafunika kupita komweko ndi kukafunsa pamaso.

Ulendo wa mailosi 10,000

M'mwezi wa October, 1961, Burkitt ananyamuka ku Kampala pamodzi ndi madotolo anzace awiri: Ted Williams wa pa cipatala ca mishoni ca Kuluva kumpoto kwa Uganda, amene anali wodziwanso kukonza galimoto, ndi Cliff Nelson wa ku Canada, amene anali pa nchito ku Tanganyika. Anagula galimoto yakale ya Ford, nailongedza zitsulo zosinthira. Anayenda masabata 10, mtunda wa mailosi ngati 10,000, ndiwo makilomita 16,000, kudzera m'Tanganyika, Northern Rhodesia amene lero ndi Zambia, Nyasaland amene lero ndi Malawi, Mozambique ndi Southern Rhodesia, kufikira ku Johannesburg, nabwerera. Anaceza pa zipatala zoposa 50.

Pa cipatala ciri conse macitidwe anali amodzimodzi. Anali kuonetsa zithunzi kwa madotolo, kwa anamwino ndi kwa othandiza madotolo Aciafrika, amene ambiri a iwo anakhala pa malo amodzi zaka zambiri ndipo anali kudziwa midzi yonse. Akamva kuti ana otere anaonekapo, anali kupempha mabuku, nafufuza mudzi wa mwana ali yense, naulemba pa mapu. Mutu umodzi susenza denga: zimene Burkitt anapeza zinacokera m'makumbukiro ndi m'mabuku a anthu ambiri amene maina ao sanamveke.

Cimene anapeza ndi ici. Malire amene anali kufuna sanali mzere wodula dziko pakati. Anali malire a kukwera kwa malo. Ku Uganda ndi ku Kenya, kumene dzuwa liri pa liwombo, nthendayi inali kusowa pa malo okwera mafiti oposa 5,000 kucokera pa nyanja ya mcere. Mapiri a Rwanda, Burundi ndi Kigezi, odzala ndi anthu, anali ndi odwala owerengeka. M'maiko a Rhodesia ndi Nyasaland malirewo anatsikira pa mafiti ngati 3,000, ndipo ana odwala anali kucokera m'zigwa za mitsinje ikuluikulu ndi m'mphepete mwa nyanja ya Nyasa. Kum'mwera kwenikweni malire anatsikanso kufika pa mafiti ngati 1,000.

Alexander Haddow, katswiri wa tizirombo ku Entebbe, poyang'ana mapuwo anaona kuti cimene cinali kulamula ndi kufunda kwa malo. Nthendayi inali kusowa kumene m'miyezi ya cisanu kufunda kumacepera madigiri 60 pa muyeso wa Fahrenheit, ndiwo ngati 15 pa muyeso wa Celsius. Ulendo wina wa ku maiko a kumadzulo kwa Afrika unaonjeza cinthu caciwiri, ndico mvula: malo olandira mvula yosafika mainchesi 20 pa caka anali ndi odwala ocepa, ngakhale anali otentha.

Cigwa ndi mtunda

Munthu wa ku Mambwe safunika kumuuza za kusiyana kwa cigwa ndi mtunda. Wocoka ku Chipata, kumene kale kunali kuchedwa Fort Jameson, amayamba ulendo pa malo okwera mafiti oposa 3,000. Akatsika mapiri kulowa kwa Jumbe, nafika ku Mfuwe, ali pa malo osafika mafiti 2,000. Mphepo imasintha, mitengo imasanduka mitsanya, ndipo mu October dzuwa limapitirira madigiri 40 pa muyeso wa Celsius. Mvula ikagwa, Luangwa, Lupande ndi timitsinje tina timasefukira, madzi natsala m'madambo ndi m'mathamanda miyezi yambiri. Lusaka ndi matauni a ku migodi ali pa mtunda wa mafiti ngati 4,000. Tsono mwana wokhala ndi makolo ace m'komboni ku Kitwe ndi msuweni wace wokhala ndi agogo kwa Malama ali mbali ziwiri za malire amene Burkitt analemba.

Kufunda ndi madzi ndizo zimene udzudzu umakonda, cifukwa cace Burkitt ndi Haddow poyamba anaganiza kuti udzudzu umanyamula kacirombo kobweretsa khansayi. Ganizoli linali ndi coonadi, koma cosakwanira, monga zinadziwika pambuyo pace.

Kacirombo ndi malungo

Pa 22 March, 1961, ulendo uja usanacitike, Burkitt anakamba za nthendayi pa cipatala ca Middlesex ku London. Mwa omvera munali Anthony Epstein, wofufuza za tizirombo ta mtundu wa vairasi tobweretsa khansa mu nkhuku. Iye anapempha kuti azimtumizira tizidutswa ta zotupa pa ndege kucokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri anafufuza osapeza kanthu. M'December, 1963, ndege ina inalephera kutera ku London cifukwa ca cifunga, nipita ku Manchester, ndipo katunduyo anafika mocedwa, madzi ace ali mbuu. Epstein anayesa kuti zaola, koma poyang'ana ndi makina anapeza kuti ndi maselo amoyo a cotupa amene anayoyoka ndi kugwedezeka kwa pa ulendo. Maselo amenewo anatheka kuwaweta m'mabotolo, ndipo mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anaonamo kacirombo katsopano. Dzina lace lero ndi Epstein-Barr, ndipo ndiko kacirombo koyamba kudziwika kuti kamathandiza kubweretsa khansa mwa munthu.

Pamenepo panabuka cododometsa. Kacirombo aka sikanali ka m'zigwa zokha. Kali mwa anthu akulu 9 pa 10 ali onse pa dziko lonse lapansi, kamayenda m'malovu, ndipo ana ambiri a m'Afrika amakatenga asanafike zaka zitatu osadwala konse. Nanga cifukwa ninji khansayi inali kusankha malo otentha ndi onyowa?

Yankho linali malungo. Gilbert Dalldorf wa ku America ananena zimenezi mu 1964, ndipo Burkitt, poona umboni, anasiya ganizo lace loyamba nabvomereza. Mapu a khansayi anali kufanana ndi mapu a malo amene ana amadwala malungo kawirikawiri caka conse. Ku cisumbu ca Zanzibar ndi mu mzinda wa Kinshasa, kumene pa nthawiyo boma linali kulimbana ndi udzudzu, odwala anali ocepa ngakhale malowo ndi otentha. Ku New Guinea, kutali kutsidya kwa nyanja, kumene malungo ndi ambiri, khansayi inapezekanso. Kuyambira mu 1972, ku West Nile m'Uganda, ofufuza otsogozedwa ndi Guy de-Thé anatenga magazi a ana 42,000 nawatsata zaka zingapo, ndipo anaona kuti amene pambuyo pace anadwala khansayi anali ndi zizindikiro zamphamvu za kacirombo kaja kale asanatupe.

Zimagwirizana motere. Kacirombo ka Epstein-Barr kamabisala m'maselo oyera ocinjiriza thupi. Mwana akadwala malungo kambirimbiri, maselo amenewo amakakamizidwa kuswana msangamsanga, ndipo mphamvu ya thupi yoletsa kacirombo kaja imacepa. M'selo iri yonse muli malangizo olembedwa pa timitsitsi tochedwa makromozomu. Pa kuswana kofulumirako nthawi zina kacidutswa ka kromozomu ya nambala 8 kamaduka nikakalumikizika pa ya nambala 14, ndipo lamulo louza selo kuti ileke kuswana limaonongeka. Kacirombo kamasunga selo yolakwikayo kuti isafe. Izi zimacitikira ana owerengeka okha pakati pa zikwi zambiri zodwala malungo. Mwana satenga cotupaci kwa mnzace, ndipo palibe munthu angathe kucitumiza kwa mwana wa mnzace. Malire a mafiti 3,000 aja nawo si linga: pali ponse pamene malungo ali amphamvu, ngakhale pa mtunda, khansayi imapezeka.

Dotolo wa mpeni aciritsa popanda mpeni

Burkitt anali munthu wa opaleshoni, koma anaona msanga kuti mpeni suthandiza pa nthenda yomera malo ambiri pa nthawi imodzi. Ku Uganda kunalibe makina oocha khansa ndi ceza. Iye anasandutsa kusowako kukhala mwai: anauza makampani a mankhwala kuti popeza ana ace sanaochedwe ndi makina, mphamvu ya mankhwala ao idzaoneka poyera, ndipo anampatsa mankhwala kwaulere. Mothandizana ndi Joseph Burchenal ndi Herbert Oettgen a ku New York, kuyambira ca m'ma 1960 anayesa methotrexate, kenaka cyclophosphamide ndi vincristine.

Zimene zinacitika zinadabwitsa madotolo. Zotupa zazikulu zinali kuphwa m'masabata awiri kapena atatu, mano nabwerera m'malo mwace. Makolo ena poona mwana ali bwino anali kumtenga usiku kubwerera naye kumudzi atalandira mankhwala kamodzi kapena kawiri. Pamene anthu a cipatala anawalondola ku midzi yao patapita zaka, anapeza ena atafa cifukwa cotupa cinabweranso, koma ena ali moyo, alikulima ndi kupita ku sukulu. Iyi inali imodzi ya khansa zoyamba kuciritsidwa ndi mankhwala okha.

Burkitt sanali yekha pa nchitoyi. Ku Nairobi kunali Peter Clifford, ku Kampala kunali dotolo wa opaleshoni wa ku Uganda komweko, Sebastian Kyalwazi, ndipo ku Ibadan m'Nigeria kunali Victor Anomah Ngu wa ku Cameroon. Mu 1967 ku Kampala kunatsegulidwa nyumba yociritsira khansayi, imene inakula kukhala Uganda Cancer Institute. Mu 1972 Burkitt ndi Ngu anali pakati pa olandira mphotho ya Lasker ku America. Nthendayi kufikira lero imadziwika ndi dzina la Burkitt.

Nchito yaciwiri: gaga

Mu 1966 Burkitt anacoka ku Uganda nakagwira nchito ku London m'bungwe la boma lofufuza za matenda. Sanasiye funso lace lija, koma analitembenuza. Anafunsa kuti ndi matenda ati oculuka kwa Azungu amene sapezeka kawirikawiri m'midzi ya Afrika. Khansa ya m'matumbo inali imodzi ya iwo. Pamodzi ndi Hugh Trowell, ndi Alec Walker wa ku Johannesburg, anatsimikiza kuti kusiyana kuli m'cakudya: Azungu anali kudya ufa woyeretsetsa ndi shuga, atataya gaga. Anafika poyesa kulemera kwa cimbudzi ca anthu a maiko osiyanasiyana, napeza kuti ca anthu a m'midzi ya Afrika cinali kuposa ca Angelezi ngati kanai, ndipo cinali kutuluka msanga. Mu 1979 analemba buku la anthu wamba pa nkhaniyi. Si zonse zimene ananena za gaga zinatsimikizika, koma madotolo a lero abvomereza kuti cakudya ca gaga, nyemba ndi ndiwo zamasamba cimacepetsa khansa ya m'matumbo. Inu a m'tauni amene munasiya mgaiwa cifukwa ca ufa woyera mbee wa m'sitolo, nkhani imeneyi ikukhudzani.

Pophunzitsa, iye anali kukonda kuonetsa cithunzi ca anthu alikukolopa madzi pansi pamene pompi ili citsegukire, kutanthauza kuti madotolo amatangwanika ndi kuciritsa naiwala kutseka kumene nthenda icokera. Anamwalira pa 23 March, 1993, ku England, ali ndi zaka 82.

Amene anatsata pambuyo

Ku maiko olemera, ana 9 pa 10 odwala khansayi amacira, koma mankhwala ace ndi amphamvu, ofuna zipatala za zida zambiri. Ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi Peter Hesseling anakonza njira yaifupi ndi yochipa, ya mwezi umodzi, imene inapulumutsa pafupifupi theka la ana. Ku Lusaka, Profesa Chifumbe Chintu, dotolo wa ana pa University Teaching Hospital, anafufuza khansa za ana a m'Zambia kwa zaka zambiri, naonetsa mmene kufika kwa HIV kunasinthira matendawa. Mu 2007 boma linatsegula Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Mu 2018 bungwe la za umoyo pa dziko lonse linaika colinga cakuti pofika 2030 ana 6 pa 10 odwala khansa azicira, ndipo khansa ya Burkitt iri pakati pa zoyamba zimene anasankha, popeza iri yociritsika.

Cimene cimapha ana ambiri a kuno ndi kufika mocedwa ndi kucoka msanga.

Zoyenera kucita kholo

Khansa ya Burkitt imakula msanga koposa khansa zina zonse za munthu. Maselo ace amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Imagwira ana a zaka 2 kufikira 14, makamaka a zaka 4 kufikira 7, ndipo anyamata amaculuka kuposa atsikana. Zizindikiro zace ndi izi: kutupa kwa tsaya kapena nsagwada kokula tsiku ndi tsiku, kawirikawiri kosapweteka poyamba; mano ogwedera pa nthawi yosayenera; diso lotong'oka; mimba yokula yokhala ndi cinthu colimba m'kati; ndipo nthawi zina miyendo kufooka mwadzidzidzi, mwana nalephera kuyenda kapena kusunga mkodzo.

Kumudzi kutupa kotere amakuyesa matsagwidi kapena dzino. Matsagwidi amaphwa okha m'sabata imodzi kapena ziwiri, pamene ici cimangokulabe. Ena amazula dzino, ena amatemera mphini, ndipo ena amayamba kulozana zala, kunena kuti mwana wa munthu wa ku migodi walodzedwa cifukwa ca nsanje ya ndalama. Masabata amene amathera pa zimenezi ndiwo amene akadapulumutsa mwanayo. Zengerezu analinda kwaukwau.

Tsono inu amene muli pa nchito, mukalandira uthenga wakuti mwana watupa tsaya ndipo sikuphwa, musayembekeze malipiro a kutha kwa mwezi kapena chuti ca Khrisimasi. Tumizani ndalama ya ulendo tsiku lomwelo, ngakhale yobwereka, kuti apite naye ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Kamoto. Akawatumiza ku Chipata, ku St Francis ku Katete, kapena ku Lusaka, apite, pakuti nthendayi imatsimikizika poyesa kacidutswa ka cotupa. M'nyengo ya dzinja, pamene mitsinje ya m'cigwa imatseka njira, kufulumira kumafunika koposa.

Mankhwala akayamba, cotupa cimaphwa msanga, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Wodikira mwana amakumbukira munda ndi ana ena otsala kumudzi, naganiza kuti nchito yatha. Koma maselo otsala osaoneka ndi maso amameranso, ndipo ulendo waciwiri sagonja msanga ku mankhwala. Inu a ku Lusaka amene muli ndi nyumba, landirani abale otere, muwapatse pogona ndi cakudya kufikira dotolo yekha atanena kuti mankhwala atha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo musaiwale pompi ija. Mwana ali yense wa m'cigwa azigona m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uli wonse, neti isasanduke ukonde wophera nsomba ku Luangwa kapena mpanda wa dimba. Akabwera opopera mankhwala m'nyumba, atsegulireni. Mwana akatentha thupi, akayesedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo amalize mankhwala a malungo onse. Mukapita ku chuti ndi ana obadwira m'tauni, tengani neti pamodzi ndi shuga ndi zitenje za mphatso. Kucepetsa malungo ndiko kucepetsa khansa imene Denis Burkitt anailondola ndi mapu ace.